Juzi ya Mkono Umodzi

Aphunzitsi opuma ntchito a khomo loyandikana nafe akukonzekera ulendo wa pa sitima ya pamadzi, wopita kumapeto kwa dziko komwe nyanja imaundana. Kwa zaka makumi atatu ankajambula mapiri a madzi oundanawo pabolodi ndi choko, koma sanawaonepo ndi maso. Masiku ano m'mawa uliwonse amavala magolovesi n'kupisa manja mufiriji, maso ali pa wotchi. "Kuzizira nakonso ndi mayeso," amatero, "munthu salowamo osakonzekera."

Dzana anagogoda kwathu atanyamula juzi yobiriwira ya mkono umodzi, singano zolukira zikadali momwemo. Malemu akazi awo anayamba kuiluka pamene ulendowu unali wa anthu awiri.

"Mwananga, paja iwe umaluka?"

Ndinawauza kuti ulusi wofanana ndiupeza, ndipo mkono winawo ndimaliza pofika Loweruka. Anapukusa mutu.

"Ayi, ungomanga pomwe anasiyirapo kuti isamasuke."

"Nanga mkono wakumanzerewu sukazizidwa, bambo?"

Anaisisita juziyo pang'onopang'ono.

"Uwu ndi umene akazi anga ankagwira tikamayenda. Ndikauphimba, akagwira pati?"