Mizere ya Phulusa

Mundikhululukire polimba mtima kulemba izi, poti sukulu ndinalekezera Sitandade 7.

Abambo anga ankanjenjemera manja, ndipo poyenda mapazi ankangomatirira pansi. Koma kumunda ankadumpha mizere bwinobwino. Amalume, eni mbumba yathu, anati mkamwini ameneyu akunamizira, mvula isanagwe abwerere kwawo. Nditamva kutchalitchi za gulu la odwala matendawa ku Dedza, ndinawapempha kuti tipite.

Tinanyamuka kwathu, kuseri kwa Bembeke, chifunga chisanachoke. Ndinawakweza panjinga n'kumakankha mpaka kumsewu waukulu, njingayo n'kuisiya pagolosale. Pasiteji achinyamata achipani anafuna kuona makhadi aumembala, koma abambo anachedwa kupisa m'thumba mpaka mmodzi anatopa n'kuti tizipita. Basi inali matambala 30 munthu mmodzi. Pakhomo pake abambo anauma. Ine kukoka dzanja, kondakitala kukankha kumbuyo.

"Madala, mukulowatu ngati mkwatibwi," anatero.

Tinafika cha m'ma 10 koloko. Tinagula tiyi ndi masikono, koma tiyi wa abambo anamwa ndi malaya.

Gululo linkakumana m'holo ina kuseri kwa tchalitchi, odwala asanu ndi awiri ndi namwino mmodzi, a Nachisale. Pansi anali atajambula mizere yachoko. Che Amidu, wogulitsa nsalu kumsika, anauza abambo kuti asachite manyazi, pamenepo onse ndi ovina. Nditayamba kuwakokanso, a Nachisale anandigwira mkono.

"Mwanawe, usawakoke. Ukamakoka, mwendo umakana. Apatse choti adumphe."

Onse anayamba kuimba nyimbo yakwaya, akuwomba m'manja. Abambo anadumpha mzere woyamba, wachiwiri, mpaka anakagunda khoma la uko okha. Ndinafotokoza za kumunda ndi mawu a amalume. A Nachisale anati matendawa ndi otero, palibe kunamizira, ndipo tizibwera Lachinayi lililonse.

Tinabwerera pa basi ya 3 koloko. M'njira ndinkaganiza kuti zaka ziwiri ndinkawakoka, n'kumasesa bwalo kuti pasakhale chowapunthwitsa, osadziwa kuti ndikuwamanga miyendo.

Lamulungu ndinathira mizere ya phulusa kuchokera pakhomo pathu kukafika kwa amalume. Abambo anayenda okha, amayi akuimba pambuyo. Amalume anayang'ana phulusalo nthawi yaitali, kenako anatulutsa mpando wawo.

"Khalani apa, alamu."

Zowabweza kwawo zinathera pomwepo, pa 19 Ogasiti 1984.