Mutu wa Mapepala pa Msika wa Lirangwe

Ndili m'chaka chachiwiri kusukulu ya zaluso m'tauni, ndinkakhala kwa achemwali anga ku Chileka. Alamu anga anali mlonda kubwalo la ndege, ndipo ndiwo ankandibweretsera nyuzi zakale ndi makatoni otayidwa. Ndinkaviika mapepalawo m'beseni mpaka afewe, n'kusakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa, n'kumaumba zinthu pakhonde. Ndinaphunziranso kusoka mabuku: kupinda mapepala, kuboola ndi msomali, n'kulumikiza ndi singano yosokera matumba.

Aphunzitsi atatiuza kuti aliyense aumbe nkhope ya munthu amene amamudziwa bwino, ine ndinaumba ya malemu bambo anga. Ndinaipaka utoto wofiirira, tsitsi ndinasokerera la ulusi wakuda, ndipo pakhosi ndinatseka ndi ulusi wofiira poti ndiwo unatsala. Utauma mutuwo, ine ndemwe ndinkachita nawo nthumanzi. Komabe ndinkafuna amayi akauone kwathu ku Lirangwe ndisanakaupereke kusukulu. Ndinaukulunga m'chitenje n'kuuika m'jumbo pamodzi ndi kabuku kamene ndinali nditangosoka kumene. Masiku amenewo kunali mphekesera zoti kukuyenda anthu odula anzawo ziwalo, koma zimenezo sizinandibwerere m'maganizo.

Ndinatsika minibasi pa Lirangwe dzuwa lili paliwombo, tsiku la msika. Wakabaza wina pothamangira kasitomala anandiwomba paphewa, jumbo n'kugwa. Mutu uja unatuluka m'chitenje, n'kugubuduka mpaka pamulu wa tomato, nkhope ikuyang'ana kumwamba.

"Mayo ine! Mutu wa munthu!" anakuwa mayi wogulitsa tomatoyo.

Ndisanawerame kuti ndiutole, anthu anali atandizinga kale. Ndinayesa kunena kuti ndi mapepala chabe, koma palibe amene anandimvera. Mnyamata wina analoza ulusi wofiira uja n'kunena kuti ndi magazi. Wina anatola kabuku kaja n'kukavundukula.

"Buku lanji lopanda mawu? Chithumwa ichi! Wakutuma ndani iwe?"

Khofi linanditera patsaya, sindinaone n'komwe mwini dzanjalo. Kumbuyo ndinamva wina akuti abweretse tayala ndi petulo. Ndinadzikodzera pomwepo anthu akuona. Ndinkangoganiza kuti amayi ali pafupi chonchi, koma amva za imfa yanga kwa anthu ochokera kumsika.

Pakhonde la golosale ina panali telala wachikulire, wovala mkanjo ndi kofia. Anasiya makina ake, n'kudutsa pakati pa anthu, n'kuima patsogolo panga.

"Tadikirani kaye. Ndiwe mwana wa yani, mwanawe?"

Ndinatchula dzina la bambo ndi mudzi wathu.

"Malemu aja ndinkawasokera malaya ine. Nanga ichi n'chiyani?"

"Ndi ntchito ya kusukulu, bambo. Ndi nyuzi zokhazokha."

Atelalawo nawonso sanafune kuukhudza mutuwo. Anatulutsa sizasi m'thumba n'kundipatsa.

"Ngati ndi nyuzi, ung'ambe wekha anthu aone. Fulumira."

Ndinagwada m'fumbi. Sizasi inandipulumuka, ndinachita kutolanso. Ndinabaya pachipumi cha bambo anga n'kudula mpaka pachibwano. Anthu anabwerera m'mbuyo, amayi ena ataphimba kumaso. Nditaukanula, munatuluka mapepala ofwanyikafwanyika, china chidutswa cha nyuzi chokhala ndi chithunzi cha osewera mpira.

Ena anaseka. Ena sanaseke ayi. Bambo wina, mwala udakali m'manja, anati, "Olo akhale mapepala, munthu wabwinobwino angaumbe chinthu chotere?" Atelala aja anandigwira dzanja, n'kundilowetsa m'golosale, mwini wake n'kutseka chitseko. Atelalawo anatuma wakabaza yemwe uja kuti akatenge amayi. Ndinakhala pathumba la shuga ndikumvetsera mapazi a anthu panja.

Amayi atafika anandiveka chitenje chawo pamwamba pa siketi yonyowayo osandifunsa kanthu. Kenako anatola zidutswa ziwiri za mutu uja zimene ndinalowa nazo, n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Makutuwa ndi awo ndithu," anatero, n'kuyamba kulira chamumtima.

Tinatulukira khomo lakuseri. M'mawa mwake anandiperekeza okha mpaka pasiteji, ndipo anauza kondakitala zomwe zinali m'jumbo ndisanakwere. Ku Chileka ndinasoka zidutswazo n'kukapereka kusukulu momwemo, msoko ukuonekera pakati pa nkhope. Aphunzitsi anayamikira msokowo poyesa kuti ndinachita dala, ine sindinawafotokozere. Panatenga miyezi yambiri kuti ndiyambenso kudutsa pakati pa msika uliwonse. Ndikangomva anthu akukuwa, ngakhale otsatsa kaunjika, ndinkabwerera n'kudzera njira ina.