Anati ndikuwongola maliro

Anandipeza Lachiwiri m'mawa nditagwira phazi la amuna anga. Wapolisi anaima pakhomo la chipinda cha odwala mwakayakaya, chipewa chili m'manja. "Mayi, tatiyeni tikafunsane pang'ono." Kumbuyo kwake kunali alamu anga, akulu awo a amuna anga, maso ali pansi.

Amuna anga ankapalasa kabaza pa Kamwendo. Lole inawagunda, ndipo apa n'kuti atagona chikomokere sabata yathunthu, akupumira m'paipi. Anesi ena ochokera kumpoto, mayi osaseka wamba, anandiuza kuti munthu akangogona osasuntha mnofu umasungunuka. Anandiphunzitsa kupinda bondo, kuliwongola, kenako kukankha phazi ndi chikhatho ngati likuponda pansi, katatu patsiku. "Odwala ndi ambiri, manja athu ndi ochepa," anatero. "Ngati mukufuna adzapalasenso njinga, miyendo iyi ndi yanu."

Koma kwathu kwa Mavwere munthu timamuwongola miyendo akatsirizika. Alamu atandionera pagalasi la chitseko, anathamangira kupolisi kuti ndikuwongola maliro munthu akupuma, kuti ndikufuna kumaliza zimene lole inasiya.

"Ndinu adokotala inu?" anandifunsa wapolisi uja.

"Ayi, bwana."

"Nanga munthu wosadziwa kanthu mukumuthyoleranji miyendo?"

Ndinati akafunse anesi aja. Anati anesiwo apita kwawo kumaliro, ndidikire m'chitolokosi. Tsiku lachitatu anandifunsanso zomwezo, ulendo uno ndi lamba. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero.

M'chitolokosi tinali amayi asanu ndi awiri, chidebe chimodzi. Ambiri anagwidwa pamalire ndi matumba a chimanga. Nsabwe ndinazizolowera, fungo ndinalizolowera. Chimene chinkandidya chinali nthawi. Ola lopinda miyendo likakwana manja ankachita kundiyabwa. Tsiku lachisanu ndinagwadira wapolisi wamkazi amene ankatibweretsera madzi. "Chonde, mukawauze alamu azikawapinda mawondo. Sizovuta, ndikusonyezani."

Anaseka. "Koma mayi inu simutopa eti? Mukufuna tikuwonjezereni mlandu?"

Sindinapemphenso.

Tsiku la khumi ndi chiwiri anesi aja anabwerako, n'kulemba kalata. Apolisi atawerenga kalatayo anandibwezera chitenje ndi nsapato zanga. "Zipitani. Kunali kusamvana chabe."

Kusamvana chabe, abale inu!

Amuna anga ndinawapeza atatsitsimuka, maso ali tong'o, ndipo anandizindikira. Alamu anali atawalondera bwino ndithu, osalola aliyense kukhudza miyendo ya m'bale wawo. Ndinavundukula bulangete. Akatumba aja, okwera chitunda ndi matumba awiri a mtedza, kunalibe. Dzanja langa linazungulira mwendo wonse ngati ndagwira mpini wa khasu. Kupolisi sindinalire, koma apa ndinalira.

Lero amayenda ndi ndodo, kufika pamjigo n'kupuma. Njinga tinaipachika kudenga. Alamu anabwera ndi nkhuku kudzapepesa, ine n'kulandira. Mphamvu zokangana ndinazisiya m'chitolokosi muja.

Anthu amati ndiziyamika kuti ndinatuluka. Ndimayamika ndithu. Kungoti ine ananditsekera masiku khumi ndi awiri, pomwe miyendo ya amuna anga sinatulukebe. M'mawa uliwonse ndimawagoneka pamphasa pakhonde, poyera, kuti wodutsa aliyense aone asadzanenenso kuti ndimabisa. Ndikatero ndimagwira phazi lija n'kuyamba kupinda.