Bokosi linati malo alipo

Ine zolemba ndinaphunzira nditakula kale, ku sukulu ya kwacha, ndiye cholembera changa chimayenda moyimba, musachidabwe.

Amuna anga anali msodzi ku Nkope. Akamasoka ukonde pakhonde ankayimba, mawu okhuthala, mawu odzaza bwalo, eee! Mdzukulu wanga wamkazi, amene amajambula maukwati m'tauni ya Mangochi, anawajambulapo mawuwo pafoni yanga kasanu. Atamwalira, ukonde anatenga abale awo, ine ndinatsala ndi mawu.

Ndinalowa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi mkazi wamasiye osachoka pakhomo. Foni inadzaza ndi mauthenga achipepeso, ena a ku Chowe, ena a ku Joni, mpaka inayamba kukana kulandira. Mdzukulu uja akuti, "Anganga, ndipatseni foniyo, nyimbo za malemu ndikazisamutsire m'bokosi la kuntchito. Muli malo ambiri, theka lonse n'lopanda kanthu."

Bokosilo n'lakuda, limakhala pansi pa tebulo, ndipo makompyuta onse atatu a m'situdiyo amatumiza zithunzi mmenemo kudzera m'mawaya. Ndinavomera, koma ndinamulumbiritsa. "Usakazitsegule, wamva? Mawu awo asamveke m'tauni ine ndisanatuluke eda. Woyamba kuwamva ndine." Palibe shehe anandiuza zimenezo ayi. Linali lamulo langa ndekha, nsanje ya mkazi. Mwana anamvera. Anasamutsa, anaona mayina asanu atandandalika bwinobwino, anafufuta za m'foni, n'kundibwezera.

Tsiku lotuluka eda ndinasamba, ndinavala chitenje chatsopano, ndinakwera minibasi ndikuyimba chamumtima, lero ndikawamva, lero ndikawamva. Mdzukulu anandikhazika pampando wozungulira, n'kudina dzina loyamba.

Zii.

"Kweza mawu, mwanawe."

"Ndakweza, anganga."

Anadina lachiwiri. Zii. Mwana anaitana abwana ake, mayi wa magalasi, ndipo iwo anagwada pansi pa tebulo, anadzuka, anafufuza pakompyuta nthawi yaitali osandiyang'ana.

"Amayi," anatero, "bokosili latinamiza. Zithunzi zomwe tinkafufuta sizinkachoka, zinkangounjikana pa dzala la zinyalala lobisika mkati mwake, ilo osaziwerengera. Linkati malo alipo pomwe ladzaza mpaka pakamwa. Mayina linalandira, koma zamkati linalibe poziika."

"Ndiye amuna anga ali kuti?"

Mdzukulu analira. "Ndikanangotsegula tsiku lomwelo ndikanadziwa, m'foni zikadalimo." Koma woletsa ndinali ine.

Pamenepo mantha anandigwira. Ndinatseka maso kuti ndiwamve m'mutu mwanga, ndiwakumbuke mmene ankayambira nyimbo. Nkhope inabwera, chipewa chinabwera, ngakhale chala chawo chopindika chija chinabwera. Mawu ayi. Miyezi inayi yokha, mawu a munthu amene ndinakhala naye kuyambira ndili mtsikana anali atandithawa! Ndinati Yarabi, ndiye kuti afa kawiri, ndipo kachiwirika ndawapha ndine.

Dzina lachitatu, zii. Dzina lachinayi, zii.

Pa dzina lachisanu ndinamugwira mwana dzanja. "Leka."

"Anganga, tiyeni tingodziwa."

"Leka, ndati! Ukapanda kudina, akadalimo."

Tinakhala choncho, dzanja langa pa dzanja lake, tinyali ta bokosi tikuphethira pansi pa tebulo ngati palibe chomwe lalakwa. Panalowa mkwati ndi mkwatibwi kudzatenga zithunzi zawo, anationa, anaima pakhomo. Abwana aja ananong'ona kuti lachisanulo n'lalifupi kwambiri, mwina linapeza kampata. Ndinati Bisimila, n'kuchotsa dzanja, mwana n'kudina.

Kunamveka nkhuku. Kunamveka chifuwa, khoo, khoo. Kenako:

"Iwe, chotsa chifonicho, sindiyimba lero. Amayi! Tiyi uyu mwathira shuga, kapena mwangomuonetsa?"

Basi, zinathera pomwepo.

Eee, nthungululu yomwe ndinaimba! Lululu mpaka a kabaza panja anatembenuka, mkwatibwi n'kuyamba kuseka osadziwa chomwe akusekera. Ndi iwowo, ndi iwowo, amwano anga, okonda shuga anga! Ndinati bwereza. Anabwereza. Ndinati bwerezanso, ndikuvina ndi mpando wozungulira, misozi ili chuchuchu.

Sindinachoke mpaka mawuwo atawabwezera m'foni yanga, n'kuwatumizanso kwa mwana wanga wa ku Joni, ndipo uku ndi uku tinatsegula n'kumvetsera ndi makutu athu.

Nyimbo zinayi zija zinapita. Ndimaziyesa ndekha ndikamasesa pakhonde, koma pali ina imene ndimafika pakati n'kusowa kolowera, ndipo palibe wondikonza.