Mabuku a Chingerezi Onunkha Palafini

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndipo sindibisa. Anthu a kwathu ku Chikomeni amadziwa kuti ndikaimirira pamsonkhano, wina alandira mawu. Mwina n'chifukwa chake anandiika m'komiti ya makolo pa sekondale yathu, m'zaka zija za m'ma 1990. Chifukwa china n'chakuti ndinafika Fomu Faivi, ndiye ankati nkhani za aphunzitsi ndine ndingazimve.

Chaka chimenecho kunabwera silabasi yatsopano ya Chingerezi. Mphunzitsi wa phunziroli anali mmodzi yekha, mayi wachitsikana wochokera ku Kabwe, amene tonse tinkangomutcha Madamu. Anatifotokozera kuti ana sazingoloweza malamulo a chinenero ayi. Azikambirana, azilemba makalata, aziwerenganso nkhani kunyumba n'kudzaifotokoza m'kalasi. Mabuku akale sakanathandiza, komanso anali atatha: ambiri anatsala chikuto ndi masamba owerengeka. Sukulu inaloledwa kusankha mtundu umodzi wokha wa buku, ndipo ahedi anatichenjeza kuti ena sitidzawaona kwa zaka zambiri. Tikalakwitsa, ana athu akalowa mayeso chimanjamanja, ndipo mmodzi wa iwo anali mwana wanga wamkazi wa Giredi 10.

Ahedi anabwera ndi mabuku awiri achitsanzo kuchokera ku boma n'kuwaika patebulo. Lina linali la mapepala olimba, onyezimira, lodzaza zithunzi za mayiko akutali. Linzake linali la mapepala opyapyala ngati nyuzipepala, koma munali nkhani za pamsika, za m'basi, ndi kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito. Madamu ankafuna lachiwirili. Ine ndinawerenga onse awiri m'mawa womwewo, ndipo ndinagwirizana nawo.

M'komitimo munalinso apongozi anga, bambo a mkazi wanga, mlimi wa fodya amene sukulu anaisiyira Sitandade 2. Anatenga buku lonyezimira lija, natikita tsamba ndi zala monga amachitira posankha fodya pa shedi. Analinunkhiza, nalikwezera kuwindo. Anachita chimodzimodzi ndi linzake, kenaka analikankhira kumbali.

"Ili la Madamu lisuteka," anatero. "Tengani lonyezimiralo."

Alimi anzawo anagwedeza mitu kuvomereza. Pamenepo magazi anandikwera. Kwathu mkamwini satsutsa apongozi, ngakhale kuwayang'ana m'maso amachita kuba. Ine zonsezo ndinaziiwala. Ndinamenya tebulo.

"Adada, pano si pa shedi. Buku sasankha ndi mphuno. Mwawerengamo liwu ngakhale limodzi?"

Ahedi anayamba kuyang'ana malata ngati akufuna podontha.

Apongozi sanakwiye. Anapisa m'thumba la jekete, natulutsa kachitini ka fodya. Pansi pa fodyayo panali timapepala todulidwa bwinobwino, tofanana kukula. Anandipatsa kamodzi n'kundiuza kuti ndiwawerengere anthu, popeza wophunzira ndine. Kanali kachidutswa ka buku lakale la Chingerezi. Ndinakazindikira, chifukwa mwezi wapitawo ndinakalipira mwana wanga mpaka kumuliza, ndikumunena kuti ndi wosasamala masamba a bukulo atasowa.

Ndiye apongozi anafotokoza modekha. Nyuzipepala kumudzi sizifika, koma fodya aliyense ali naye pakhomo. Buku likalowa m'nyumba, mwana akangopita kukatunga madzi, tsamba limodzi lapita. Pepala lopyapyala limapichirika bwino, lonyezimira limakana moto ndipo limawawa kukhosi.

"Ine ndasuta Chingerezi chambiri kuposa chimene mwawerenga inu, a mkamwini," anamaliza.

Abambo awiri anaseka chowerama, ndipo tinadziwa kuti nawonso ali ndi zitini zawo. Madamu anaseka mpaka misozi. Atapukuta m'maso, ananena mosapita m'mbali kuti buku lonyezimira silikugwirizana ndi silabasi, ndipo kutsekera linalo m'kabati n'kupha ntchito yowerengera kunyumba. Ine, manyazi atandigwira, ndinayamba kufuula kuti wong'amba tsamba tizimutengera ku polisi. Ahedi anandifunsa ngati ndiyambira apongozi anga. Ndinakhala pansi.

Njira anaibweretsa ndi apongozi omwewo. Anati wosuta fodya amapirira zambiri, koma fungo la palafini ayi. Tikadutsitsa nthenga yoviika m'palafini m'mphepete mwa masamba, palibe angapichire pepalalo, ndipo chiswe nacho chidzathawa. Madamu anayesa pa buku lachitsanzo lopyapyala lija kuti aone ngati zilembo zifufutike. Sizinafufutike. Tinasankha buku la Madamu.

Mabuku atafika, komiti yonse inakhala m'kalasi Loweruka lina, aliyense ndi nthenga ya nkhuku, kapu ya palafini ili pakati. Kapitawo anali apongozi. Ine anandibwezera mabuku angapo kuti ndathira wochepa. Temu yonse kalasi ya Madamu inkanunkha ngati sitolo, ndipo ana analamulidwa kuti asawerenge pafupi ndi moto. Mwana wanga ankakhala pakhonde masana n'kumawerenga mokweza nkhani ya wogulitsa matimati, mayi ake akumvetsera ngakhale sankamva zonse.

Nkhani yomenya tebulo inafika kunyumba ine ndisanafike. Mkazi wanga anagwira yekha tambala n'kundipatsira m'manja. Ndinapita naye kwa apongozi, ndinagwada, ndinapepesa. Iwo anangoti yewo, zikomo wa kwathu, kenaka anadandaula kuti tambalayo ndi wowonda. Mwana wanga ndinamupepesanso, ndipo kumeneko n'kumene kunandivuta kwambiri.

Kutha kwa chaka Madamu anaitanitsa mabuku onse, n'kupempha ine kuti ndiwathandize kuwayang'ana tsamba ndi tsamba. Anali akuda ndi thukuta, ena opindika ngodya, koma athunthu. Limodzi lokha linali ndi tsamba long'ambidwa, lopserera pang'ono kunsonga, ndipo wina anali atalisokereramo ndi ulusi wa thumba la fetereza. Ndinafuna kudziwa kuti lachokera nyumba iti. Madamu anandilanda bukulo, naliika pamulu wa ana a chaka chamawa.