Thobwa la pa Lisasadzi

Chaka chimene dzina langa silinatuluke pa makuponi, nazale yanga ya fodya inabiriwira bwino, koma m'nyumba munalibe feteleza ngakhale wodzaza m'manja. Ndiye nditamva kuti wamalonda wina wa pa boma wakonza mpikisano, atatu oyamba aliyense thumba lake la feteleza, ndinavina pakhonde ngati ndapambana kale. Unali wopalasa njinga kuchoka pa Kasungu kukakhotera ku Lisasadzi, ndipo pobwera kutsika n'kuthamanga wapansi kuzungulira bwalo la mpira kakhumi. Ine wakabaza, wonyamula aphunzitsi onenepa tsiku ndi tsiku, ndikanaopa chiyani?

Kumpingo kwathu ukamapempha chinthu chachikulu umasala kudya mpaka dzuwa kulowa, osalawa ndi madzi omwe. Ndinasankha tsiku la mpikisano lomwelo. Mkazi wanga atandiikira mbatata ndi tiyi m'mawa, ndinakankhira kumbali.

"Lero ndiyendera mphamvu yakumwamba," ndinatero.

"Chabwino, abusa," anandiseka, chonsecho sindine mbusa. Anatenga kachikwama kake n'kutuluka, osanena kumene akupita.

Popita ndinauluka. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ine patsogolo ndikuimba nyimbo yakwaya. Tikuyandikira pokhotera, nyimbo inatha yokha. Lilime linauma gwaa, thukuta linasiya kutuluka, akatumba anayamba kukokana. Anthu asanu ndi awiri anandipitirira ndikuwaona.

Pokhotera penipeni, pansi pa mtengo wa mango, ndinaona chitenje chodziwika. Mkazi wanga uja anali atakwera minibasi.

"Tsikani, bambo a ana. Milomo yayera ngati mwabwira ufa."

"Ndili pa kusala."

"Mneneri wa m'Baibulo uja atagona pansi pa chitsamba, ulendo utamukulira, mngelo anamubweretsera chiyani? Ulaliki?"

"Mkate ndi madzi," ndinayankha ndi mawu a nkhuku yachitopa.

"Kangati?"

"Kawiri."

"Ndiye inu mwaposa mneneri?"

Ndinapempha chikhululukiro kwa Ambuye mwachidule, maso ali pa botolo. Linali thobwa losungunula ndi madzi, lothira shuga ndi kamchere, monga alangizi a zaumoyo anamuphunzitsira kusikelo. Ndinafuna kugugudiza lonse koma anandilanda.

"Mungasanze! Mukadutsa chigafa, imwani kamodzi. Chigafa china, kamodzinso. Osadikira ludzu."

Anamangirira botololo pa handulo ndi mphira, nandilowetsera nthochi zitatu m'thumba la malaya, n'kumenya kaliyala ngati akuthamangitsa bulu.

Abale, zigafa zoyanikira fodya za mumsewu umenewo sindinazikondepo ngati tsiku limenelo. Chikaoneka patali ndinkafuula "Ameni!" n'kumwa. Pena zinaima zitatu pamodzi, ndinamwa katatu ndikuseka ndekha, poti lamulo ndi lamulo. Miyendo inadzuka. Ndinayamba kuwatola mmodzimmodzi amene anandipitirira aja. Mnzanga wa pa siteji, amene m'mawa anadzaza mimba ndi tchipisi ndi nyemba, ndinamupeza akupalasa atagwira pamchombo.

"Akulu a mpingo, mwamwa chiyani?" anakuwa.

"Chisomo chothira mchere!"

Ndinalowa m'bwalo ndili wachinayi, nthochi yomaliza ili m'kamwa. Nditatsika panjinga miyendo inali ngati yobwereka, ikuyenda mokhotakhota, anthu akugwa ndi phwete. Amene anali wachitatu, potsika anamwa chigubu chonse cha madzi nthawi imodzi. Pozungulira kachisanu ndi chitatu ndinamva madziwo akukhuchumuka m'mimba mwake, kenaka anayamba kuyenda atagwira m'nthiti. Ndinamudutsa ndikumupempherera, koma osachedwa naye.

Atandipatsa thumba langa ndinagwada kuti ndithokoze, ndipo kudzuka kunakanika. Mkazi wanga potsika minibasi anandipeza nditalikumbatira, ndikuimba ndi mawu osasa.

"Tadzukani, anthu akuona."

"Aone!"

Tinalikweza pa kaliyala n'kumakankha njinga awiri mpaka kunyumba, tikuima pena ndi pena kuti tiseke. Mvula itagwa tinawokera fodya, ndipo feteleza uja tinamuthira ndi kasupuni, phando lililonse gawo lake, mpaka mzere womaliza.