Mbendera za Pak Leman

Pak Leman, msodzi wa kuno kuzilumba za Natuna, ndi wamantha kuposa nkhuku, ngakhale mwiniwake amati ndi nzeru. Kumene timakaponya maukonde, dziko lililonse limati madziwo ndi ake, ndipo sitima za asilikali zikakupeza zimatha kukulanda boti. Leman ali ndi boti limodzi lokha, lokalamba ngati mano ake. Ndiye mkazi wake, Mak Sepiah, anamusokera mbendera zitatu za mayiko olimbirana madziwo. Sitima ikatulukira, Leman amakweza mbendera ya eni akewo n'kuima njo ngati msilikali.

Tsiku lina zinatulukira ziwiri nthawi imodzi, ina kumanja, ina kumanzere. Leman, thukuta lili kamukamu, anakweza mbendera ziwiri pamtengo umodzi.

"Iwe mdala, yathu ikhale pamwamba, apo ayi boti tilanda!" anakuwa wa kumanja pachimkuzamawu.

Leman anasintha.

"Watsitsa ya ndani, gogo iwe? Bweza msanga!" anatero wa kumanzere.

Anasintha kasanu, mpaka chingwe chinamusupula m'manja. Kenako mabwanawo anamuiwala, n'kuyamba kutukwanizana okhaokha za mapu ndi za makolo awo.

"Mabwana, mukagwirizana mundipeza kunyumba," anatero Leman chapansipansi, n'kuliza injini.

Pagombe Mak Sepiah anasuzumira m'boti, n'kugwira m'chiuno.

"Bambo, tsiku lonseli nsomba zili kuti?"

"Boti ndabwera nalo, mayi, thokozani. Nsombazo ndazisiya, sizinadziwikebe kuti ndi za dziko liti."